Mabuleki a Njinga ya Zohaib

Achimwene Fayyaz,

Pepani ndi kalembedwe kangaka. Sukulu ndinasiyira panjira, ndipo dzanjali linazolowera sipanala. Kuno ku Rawalpindi tili bwino, kungoti ndatopa. Alamu anu akupereka moni.

Masiku ano ndikungozungulira m'misika kufunafuna zipangizo zenizeni za njinga zamoto, mpaka miyendo kuwawa. Kale ndinkadalira katoni imene chipangizo chabweramo. Ikakhala yomata bwino, ndinkagula mtima uli m'malo. Koma Lachiwiri Haji Liaqat, amene amandigulitsa mabuleki, anandiseka.

"Ustad Mushtaq, mmisiri ngati inu, ndi imvi zonsezi mukukhulupirirabe katoni? Makatoni opanda kanthu amene mumagulitsa kwa otola zakale aja, mumayesa amakaphikira tiyi? Amakaikamo zabodza n'kumatanso. Anzanu amang'amba akangotsegula."

Ndinamufunsa ngati zake zili zenizeni. Anati, "Ndidziwa bwanji, m'bale wanga? Nanenso ndimangoona katoni."

Zaka zonsezi ine sindinang'ambepo ngakhale imodzi.

Munandiuzapo za mnzanu wa ku Karachi amene amatenga katundu kufakitale kwenikweni. Chonde nditumizireni dzina lake ndi nambala.

Mwana wanu Zohaib akukhala bwino kwathu kuno, ndipo ntchito akulimbikira. Njinga yake ndinaikonza ndekha sabata yatha, mabuleki onse atsopano, a kwa Haji. Lolemba anapita nayo ku Murree ndi anzake, ndisanamve zimenezi. Misewu ya kumapiri kuja mukuidziwa mmene imatsetserekera. Mayi ake musawauze kaye.

Foni ya Zohaib sikupezeka mpaka lero, ndipo sindikudziwa ngati mabulekiwo ali enieni.

Ndine mng'ono wanu,
Mushtaq