Galimoto yoima yandipalamulira

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno ana ali bwino, wamng'ono uja wamera mano ndipo akuluma aliyense.

Galimoto yanu ija munalembetsa m'dzina langa pochoka yandipalamulira. Ndinapita kubanki kukapempha ngongole ya makina osokera, anandikaniza. Akuti dzina langa linaipa chifukwa cha chindapusa cha pamsewu chosalipira: kuthamangitsa galimoto, kawiri konse. Ine amene sindidziwa ndi giya yomwe! Nditakadandaula kuofesi ya zapamsewu anangoti, "Mayi, nambala ndi yanu. Lipirani kaye, zotsutsa pambuyo." Tsopano otolera ngongole akufika mpaka kushopu kwanga. Dzana amayang'ana firiji yanga ngati agula kale, makasitomala akuona.

Chondizunguza mutu n'chakuti galimotoyo ili kuseli kwa nyumba, pomwe munaisiya. Koma chinsalu chophimbira chija ndimamanga ndekha ndi mfundo yanga ya utelala, ndipo ndapeza mfundo ina. Mpando wa dalaivala wabwerera m'mbuyo, ngati panakhala munthu wamtali. Bambo a kunyumba kuno akuti mwina ndi mphepo. Mphepo yosuntha mpando zitseko zili zokhoma?

Kiyi winayo munasiyira alamu, akazi anu, eti? Ndikungofunsa. Masiku awiri olembedwa pachindapusa aja alamuwo akuti anali kumapemphero, bambo a kuno anali kumaliro a mnzawo amene dzina lake sindinalimvepo.

Musawafunse pafoni, ndalamanso musatumize. Bwerani nokha mudzakhale pampandopo, muone ngati miyendo yanu ikufika.

Ndine mlongo wanu,
Amake ana