Kamkono ka m'mbali pa mfuti ya achimwene Genzo

9 Febuluwale, Lolemba

Chipale chofewa mpaka m'mawondo. Achimwene Genzo abwera ndi mfuti yawo ya mpweya, yokulunga m'bulangete ngati khanda. Kachitsulo kokokera kumbuyo poika chipolopolo kakuwakanika. Chidwalireni sitiroko chaka chatha, dzanja lamanja ndi dzina chabe. Ayesa katatu ine ndikuona, kachitatu atukwana. Ati, "Nobue, zaka makumi atatu ukusula zitsulo za eni, za mlongo wako ungazikane?" Akufuna ndiwaikire chigawo china chogula padera, cha kamkono ka m'mbali. Chimenecho ngakhale chala chimodzi chimakoka.

Ndawakumbutsa kuti mfuti sasintha osauza apolisi. "Mapepala ndi anga amenewo, iwe gwira zitsulo."

21 Febuluwale

Chitsulo chafika papositi. Mabowo awiri sanagwirizane, ndachita kupala. M'mawa wonse m'shedi, zala dzanzi. Masana takayesa kumalo oomberako a gulu lathu la alenje. Kamkono kakuyenda ngati mpeni m'tofu, chakudya chofewa cha soya. Achimwene kuseka mpaka kutsokomola. "Chaka chino akhwangwala maapozi anga aziwaonera patali!"

Chimwalirireni mayi sindinawaone akuseka chonchi.

14 Epulo

Tsiku lokaonetsa mfuti kupolisi, monga chaka chilichonse. Yanga aiyeza, andibwezera, mphindi zisanu. Ya achimwene wapolisi waitembenuza kawiri, wayang'ana papepala, wayang'ananso mfuti. Awalowetsa m'chipinda. Ine pabenchi maola awiri. Potuluka osandiyang'ana. Ndakawatula kwawo pagalimoto.

Mapepala aja sanakonze. Sanapiteko n'komwe.

16 Epulo

Lero aitana ine. Andiwerengera zomwe achimwene asaina. Akuti anangondipempha kuti ndiithire mafuta, ine n'kuisintha ndekha osawauza. Akuti ndimakonda kuseweretsa zinthu za eni kuyambira ndili mwana.

Kuyambira ndili mwana! Amenewo ndi mawu awo, wapolisi sangawapeke.

"Mayi Kuramochi, muli ndi chonena?" Ndati ndilibe. Ndanenerenji kuti ndilibe?

28 Epulo

Chilolezo changa alanda. Mfuti yanga ndakaisiya ndekha kupolisi, kabati yachitsulo ili pululu. Ya achimwene awabwezera ataikamonso kachitsulo kakale. Chenjezo la pakamwa basi. A Narita, apampando a gulu la alenje, andiuza mwaulemu wonse kuti ndiyambe ndapuma. Zaka khumi ndi zisanu ndikuwakonzera mfuti zawo. Palibe wina wandiimbira.

Tsopano ndamvetsa. Achimwene akanapita ndi mapepala akanafunsidwa chifukwa chosinthira. Dzanja lija likanaonekera, chilolezo chawo chikanapita. Anaona bwino kuti chipite changa.

3 Meyi

Maapozi achita maluwa. Ndawadutsa achimwene pamsewu wa kumunda ali pa thirakitala. Akweza dzanja lamanzere. Ine maso kutsogolo.

Pakhomo ndapeza botolo la madzi a maapozi, popanda ngakhale kakalata. Ndakhuthulira m'sinki. Kenako kulira ngati chitsiru.

11 Meyi

Alamu anga a Tokiko, akazi a achimwene, afika m'mamawa. Osavula nsapato, angoima pakhomo. Ndimayesa abwera kudzapepesa. Ayi.

Dzulo achimwene amalimbana ndi kachitsulo kakale kaja, mfuti ataitsamiritsa pabondo. Inawapulumuka n'kulira. Chipolopolo chinaboola chitseko cha kukhitchini, alamu akutsuka mbale kuseri kwake. Andionetsa ndi zala: chikhatho chimodzi kuchokera pakhosi.

"Alamu, kanenenitu zoona, awalande mfuti. Ine ndikanena banja latha. Inu anakutayani kale."

Inu anakutayani kale. Anena ngati akunena za mvula.

Uthenga wa achimwene wa mu Febuluwale ukadali m'foni yanga: "Ika basi, apolisi ndithana nawo ndekha." A Tokiko akudziwa kuti ulipo, anali pompo pamene amaulemba. Masabata anayi onsewa anali chete. Achita kudikira chitseko chibooke.

12 Meyi

M'galimoto, panja pa polisi. Injini ndazimitsa, ndayatsa, ndazimitsanso. Ndikalowa, mudzi wonse unena kuti mlongo wabwezera. Ndikapanda kulowa, tsiku lina chikhatho chija sichidzakhalapo. Choipa n'chakuti pansi pa mtima ndikukondwa pang'ono, ndipo zikundinyansa. Sindikudziwa ngati ndikulowera alamu kapena ndikudzilowera ndekha.

Foni ikulira. Achimwene. Koyamba chiyambireni nkhaniyi. Ikulirabe. Wapolisi uja watuluka, wandiona, akubwera kuno