Mumadula Foni Asanayankhe

Alamu,

Moni kumeneko. Ana ali bwino kuno, koma ine ndakwiya, ndipo sindikubisirani.

Ndamva mukuuza abale kuti achimwene anu akukunyanyalani, ati mukaimba foni salankhula. Manyazi mulibe, alamu? Akhala ndi matenda onjenjemera aja zaka zonsezi, korona n'kudzawagwetsanso. M'chipatala anatuluka, inde, koma mawu awo anatsalira komweko. Kale akamwa mankhwala ankakhala pa makina osokera mpaka masana. Lero ngakhale madzi amawatsamwa, ndipo akafika pakhomo la kuchipinda mapazi amakanirira pansi mpaka ndiwakoke.

Lamlungu lija ndinawagwirira foni pakhutu, milomo yawo ikulimbana ndi moni wanu. Inu munangokuwa "halo, halo" n'kudula. Foni itazima m'pamene mawu anatuluka, motsitsa ngati kunong'ona: "Ndili bwino, mng'ono wanga, kaya iwe?" Ndinawanamiza kuti mwamva, iwo n'kumwetulira.

Zimene adokotala anandiitanira pambali sindilemba muno. Ingobwerani mudzaike khutu lanu pakamwa pawo, mawuwo akadalipo. Ine kuwanamiza chifukwa cha inu ndatopa nako.

Ndine mlamu wanu yemwe uja.