Pampu Imodzi, Ndege Ziwiri

Lolemba, 3 Malichi

Msana uwu undipha. Lachinayi kukubwera alendo akunja kudzaona ndege zathu zankhondo, ati atsimikize ngati tikufunikadi zipangizo. Ndege zake ziti? Ziwiri basi, Gogo ndi Adona. Pampu yamafuta yabwino ndi imodzi, inayo imadontha, ndimangoimatamata.

Abwana akuti, "Tisachite manyazi pamaso pa alendo, zonse zilire." Chabwino bwana. Makaniko ngati ine sayankha.

Lachinayi, 6 Malichi

M'mawa taliza Gogo ndi pampu yabwino ija. Alendo atapita kukadya, ife kalikiliki kuimasula, n'kukaimanga mwa Adona. Ndapsa chala. Masana Adona nawo alira bwinobwino, alendo n'kuwomba m'manja. Nkhomaliro sindinaione.

Lachisanu, 7 Malichi

Tadzikola tokha! Alendo ati ndege zanu zili bwino, zipangizo tikapereka kwina. Abwana mano onse pamtunda, ati nduna yasangalala, ndiye pa perete wa sabata yamawa ziuluke zonse ziwiri. Ndaseka mpaka misozi, koma sikunali kuseka.

Lolemba, 10 Malichi

Ndawauza abwana kuti yodonthayo itha kuzimitsa injini m'mwamba. Ati, "Ndi kanthawi kochepa, ingoimata." Ndatopa nazo ine.

Oyendetsa alipo awiri: alamu anga, amuna awo a achemwali, ndi mayi wina amene wangobwerera kumene kuntchito atachira mwana. Pampu yabwino ipita kwa mmodzi, ndipo womanga ndine.

Lachinayi, 13 Malichi

Achemwali aimba foni. Kani alamu amawauza zonse. "Achimwene, ana anga mukuwadziwa." Basi, n'kudula.

Yabwino ndamanga mwa Gogo, ndege ya alamu. Mayi uja wandipatsa moni ine maso pansi. Mtima ukundiwawa, nanga nditani?

Loweruka, 15 Malichi

Lero ndiye perete uja. Alamu alowa mushedi ya ndege chisoti chili m'khwapa. "Alamu, yabwino ija ili muti?" Ndaloza Gogo. Ayang'ana kumpanda komwe mayi uja amatsanzika khanda lake, kenako amukuwira, "Amayi, lero mutenge Gogo, ine wandikwana!" Ndawagwira mkono, andichotsa mwaulemu. Akwera Adona uku akuimba likhweru.

Zanyamuka. Foni ikunjenjemera m'thumba, ndi achemwali. Sindikuyankha, ndikumvetsera injini.