Chinangwa Chimene Tinasiya ku Mozambiki

Lilongwe,
16 Ogasiti 1992.

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo kumeneko ku Makanjira. Kodi chifuwa chija chinasiya? Nanga miyendo ikukulolani kufika kumunda? Ine kuno ndili bwino, kungoti madzi akuvuta. Pampopi amatuluka m'mawa mokha, ndiye timapita kuntchito titatopa kale ndi mzere.

Kalata imene alamu anga a Dinala analemba ndinailandira Lachiwiri. Popeza ndi iwo amene akuwerengereni inoyi, ndikuwapempha kuti awerenge zonse osadumpha. Ndamva kuti chimanga chinapsa ndi dzuwa, ndipo ufa wa ife othawa nkhondo ukufika mochedwa chifukwa cha msewu. Ndamvanso kuti achimwene Eduardo apangana ndi a Sulemani kuti mwezi uno ukatha adutse malire, akakumbe chinangwa chimene ababa anabzala kwathu chaka chimene tinathawa. Nditafika pamenepo ndinalephera kupitiriza kuwerenga.

Amayi, ndiloleni ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso anga. Paja Mai Doris, alangizi a zaulimi amene ananditenga kumeneko, anandipezera ntchito yotsuka mabotolo m'chipinda chimene amapimiramo mbewu. Lachitatu anandipeza nditangoima pasinki, madzi akutayikira pansi. Ndinawafotokozera zonse. Anatuluka n'kubwera ndi tsamba la chinangwa, ndi zinangwa ziwiri: china cha chaka chimodzi, china cha m'munda wakale umene unasiyidwa zaka zinayi osakumbidwa.

M'chipindamo muli makina okhala ndi galasi, amene amakuza kanthu kakang'ono mpaka kuoneka bwino. Anadula tsamba lija mopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kundiuza kuti ndisuzumire. Ndinaona tizipinda tambirimbiri togundana ngati zisa za njuchi, ndipo m'kachipinda kalikonse munali timibulu tobiriwira. Anati tizipindato ndi maselo, ndipo timibulu tobiriwirato ndi timene timagwira kuwala kwa dzuwa, n'kuphatikiza madzi ndi mpweya kupanga shuga. Masana shuga akachuluka, timamuunjika momwemo ngati sitachi. Dzuwa likalowa sitachiyo amasungunukanso kukhala shuga, n'kutsika ndi thunthu mpaka kumizu.

Sitachi mukumudziwa, Amayi. Ndi ufa woyera woterera uja umene umadikha pansi pa mtsuko tikaviika chinangwa. Ndi umene umatikhutitsa.

Kenako anadula chinangwa cha chaka chimodzi chija n'kudonthezapo ayodini, mankhwala omwe aja opaka pabala. Nthawi yomweyo panada bii. Pagalasi, kachipinda kalikonse kanali kodzaza thothotho ndi timibulu tina, tothinana ngati mazira a chambo. Mai Doris anati itoto sitiona dzuwa ndipo sitobiriwira. Ntchito yake ndi kulandira shuga wochokera kumasamba, n'kumumanga pang'onopang'ono kukhala sitachi wosungika. Ndiye kukula kwa chinangwa kumeneko.

Chakale chija mpeni unachita kukanika. Mkati munali mitsitsi yolimba ngati nkhuni, pakati pali mphako yowola. Ayodini anangodetsa apa ndi apo. Nditasuzumira, tizipinda tambiri tinali tokhuthala makoma, mkati mulibe kanthu. Ndinafunsa kuti chakudya chapita kuti. Anati mtengo umadya wokha. Chilimwe chilichonse masamba amayoyoka, ndipo mvula ikagwa umatapa zimene unasunga kuti uphukire ena. Chikakhalitsa osakumbidwa, muzu umasanduka mtengo.

Ndinawafunsa kuti nanga cha zaka zisanu, m'munda wopanda woulimira, kumene moto umadutsa chaka ndi chaka ndipo nguluwe zimafukula mmene zifunira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, mlongo wakoyo akapeza nkhuni."

Ndinalira pamaso pa anthu, Amayi, ndipo sindinachite manyazi. Ndinakumbukira ababa m'mawa uja anapita kukakumba chinangwa chomwecho, atanyamula thumba ndi khasu, akutiuza kuti abwera mawa lake dzuwa lisanapendeke. Nthawi imeneyo chinangwacho chinali chabwinodi, ndipo tinali ndi njala ngati inoyi. Inu munawaperekeza mpaka pa mtengo wa mbuyu. Lero zaka zinayi zakwana, ndipo palibe amene anabwera kudzatiuza ngati anaponda bomba lokwiriridwa panjira kapena anakumana ndi anthu a mfuti.

Pempho langa ndi limodzi. Musawalole achimwene kupita. Ine sangandimvere, adzati ndayamba nzeru za m'tauni. Koma inu mukakhala pakhomo n'kuwaletsa, sangakudumpheni. Muwauzenso Che Jaffalie, amene anatibwereka munda uja, kuti alankhule ndi a Sulemani, poti a Sulemaniwo ndi mphwawo.

Chakudya chenicheni chili m'munda umenewo, kuseri kwa nyumba. Alamu alemba kuti mukuthyola chigwada tsiku ndi tsiku, mwakuti mitengo ina yatsala mbuu. Ndikudziwa kuti ndiwo palibe, ndipo sindikukudzudzulani. Koma tsamba lililonse lothyoledwa ndi chakudya chimene sichifika pansi. Muzithyola ochepa pa mtengo uliwonse, mzere uno lero, wina mawa, kuti mitengo isatsale yopanda masamba. Mukapirira mpaka Disembala mudzakumba chinthu chooneka. Pakadali pano ndapatsira a Nathaniel, oyendetsa lole ya nsomba, thumba la ufa ndi nyemba pang'ono. Akuti afika kumeneko sabata yamawa msewu ukalola.

Tsopano mawu awa ndi a achimwene, ndipo alamu muwawerengere iwo ali pomwepo. Achimwene, ine ndikudziwa kuti si chinangwa chokha chimene mukufuna kumeneko. Mukufuna kuyenda njira imene anayenda ababa, kuti mwina mukapeze khasu lawo, kapena mafupa oti muwaike m'manda monga munthu. Inenso ndimafuna zomwezo. Palibe tsiku limene sindiganiza kuti ali pamtunda, mvula ikuwagwera. Pawailesi akunena kuti akuluakulu a mbali ziwirizi akukambirana zosiya nkhondo. Kaya ndi zoona, kaya ayi, sindikudziwa. Koma njira ikadzatsegulidwa, mabomba atachotsedwa, tidzapita tonse, inu patsogolo, ine ndi Amayi pambuyo, masana, anthu akuona. Nsalu yoyera ndinagula kale, ili m'sutikesi mwanga. Musachititse kuti ndikagulenso yachiwiri.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Luisa, kwa alamu anga ndi khanda lawo, kwa Che Jaffalie ndi akazi awo Abiti Omari, ndi kwa onse a kwathu amene tinawoloka nawo. Mai Doris akuti mulimbe mtima. Mundiyankhe kudzera kwa a Nathaniel pobwerera, ngakhale mzere umodzi wokha wondiuza kuti achimwene ali pakhomo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mwana wanu,
Leticia.