Pampu ya Sukulu ya ku Chelstone

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko kumene munatsogola?

Kuno tilipo, koma mtima wanga sunakhale pansi mwezi wonse uno, ndiye ndati ndikulembereni monga ndinkachitira ndili kusukulu ku Kitwe. Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Esnati, amene munamusiya ali woyembekezera, anachira bwino. Ndi mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni, ndipo anamutcha dzina lanu. Atate akamunyamula dzinalo limawakanika kutchula, amangoti "mayi". Mtengo wanu wa mango ku Chelstone wachita maluwa ambiri chaka chino, koma chimanga cha kuseri kwa nyumba chinapserera ndi dzuwa. Tinangokolola chokazinga basi.

Madzi ndiye avuta. Pampu ya pachitsime cha sukulu ya mpingo wathu yapsa kawiri chichokereni inu. Magetsi akuzimazima, ndipo akabwera amabwera ndi ukali. Nthawi zina madzi pansi amaphwa, pampu n'kumangozungulira youma mpaka kupsa. Ana akhala akusenza zigubu kuchokera kwawo, zimbudzi zili zokhoma. Tsiku lina la Sabata, osandifunsa n'komwe, atate anaimirira pamaso pa akulu ampingo n'kunena kuti, "Mwana wanga Tiyese anaphunzira zamagetsi. Adzapanga kabokosi koteteza pampuyi." Ine ndinazimvera panja pa tchalitchi, amayi anzanu akundigwira chanza ngati kuti ntchitoyo ndamaliza kale.

Kukhoza ndiye ndikhoza, pakuti ndi ntchito imene ndimagwira kwa ba Mulenga, mwini kashopu ka ku Woodlands. Munkandifunsa kawirikawiri kuti kwenikweni ndimachita chiyani kumeneko, ine n'kumakuyankhani mothamanga. Lero ndikufotokozereni bwino. Mukukumbukira kathabwa kobiriwira kaja kamene munakaona atatsegula wailesi yanu? Timakatcha bodi. Ine ndimayamba ndaijambula pa kompyuta, ndipo kachipangizo kalikonse kodzakhala pamenepo kamafunika malo ake enieni, timadontho ta mkuwa pamene miyendo yake idzaponde. Malo amenewo timati futiprinti. Zili ngati nyuzipepala zija munkayamba mwadula musanaike sizasi pa nsalu ya mwini. Pepala likalakwika, diresi yonse yapita.

Mavuto anayamba pamene kachipangizo koyeza mphamvu ya magetsi, kamene ndinakazolowera, kanasowa m'tauni monse. Wogulitsa anandipatsa kamtundu wina, kochepa kuposa nyemba, miyendo yake yowonda ngati ulusi. Ndinafufuza mu pulogalamu imene timajambulira, futiprinti yake munalibe. Pa intaneti ndinapeza ina yojambula munthu amene sindikumudziwa. Ndinatsala pang'ono kungoitenga, chifukwa atate anali atayamba kale kufunsa za tsiku lokaika kabokosiko, koma ndinakumbukira mmene munkandibwezera ndikasoka mothamanga, mukuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaisindikiza papepala mu msinkhu wake weniweni, n'kuika kachipangizo kaja pamwamba. Miyendo ya mbali imodzi inagwera panja. Ndikanaikhulupirira, mabodi onse akanakhala otaya.

Ndiye ndinajambula yangayanga, kutsatira pepala la fakitale yopanga kachipangizoko. Miyeso yake ndi yosakwana ndi milimita yomwe, moti dzanja likangoterereka pang'ono, miyendo iwiri igundana. Ndinayeza, ndinasindikiza, kanakhala bwinobwino. Ba Mulenga anayang'ana ndi galasi lawo lokulitsa n'kuti, "Ili che bwino, tumiza." Tinatumiza ku fakitale ya ku China kumene amatipangira mabodi.

Mantha anandigwira madzulo a tsiku lotsatira, ndili mu minibasi pobwerera kunyumba ku Kabwata. Kachipangizo kaja miyendo yake ndi yofanana mbali zonse ziwiri, ngakhale ukatembenuze kamakhalabe, koma mwendo uliwonse uli ndi ntchito yake. Nanga chithunzi cha papepala la fakitale chija, anajambula poyang'ana pamsana pa kachipangizo kapena kumimba kwake? Ngati ndinasokoneza, moto ukalowera kumwendo wolakwika, kachipangizo n'kupsa, mwina pamaso pa mpingo wonse. Ndinatsikira panjira n'kubwerera ku Woodlands. Pepala lija ndinaliwerenga mpaka maso kuwawa, ndipo zinkaoneka kuti ndinachita bwino. Koma mukundidziwa, Amayi. Ine ndikangoyamba kukayika, ngakhale zolembedwa sizindikhutiritsa. Masabata onse odikira aja chakudya sichinkalowa. Atate akaimba foni ndinkangoti, "Zili m'njira."

Katundu wa ku China uja anafika pa basi yochokera ku Dar es Salaam. Ku siteshoni ya mabasi ya Intercity ndinakankhana ndi onyamula katundu ndi oitanira mabasi, wina akundikoka chikwama kuti, "Sisi, Chipata? Ndola?" pamene ine ndikungofuna kakatoni kanga. Nditakatsegula kushopu ndinayamba ntchito mopupuluma, mpaka ba Mulenga anandilanda chowotcherera chomatira zipangizo pa bodi. "Pumula kaye, iwe. Uzaononga bodi yabwino na mantha." Nditakhazikika ndinamata ndekha kachipangizo kaja, miyendo yonse n'kuponda pamalo pake. Tikuti tiyatse, magetsi anazima. Tinakhala pakhonde mpaka masana, bodi ili patebulo. Magetsi atabwera ndinadina batani nkhope nditayang'anitsa kumbali, mphuno ikufunafuna fungo la utsi. Utsi panalibe. Kanyali kanayaka, ndipo manambala anagwirizana ndi a makina athu oyezera. Ndinangokhala pansi pa simenti.

Lamlungu lapitali tinakaika kabokosiko kusukulu. Pampu inalira, madzi n'kuyamba kukwera mu thanki. Titayesa ngati kuti pansi paphwa, kabokosi kanazimitsa pampu kokha, amayi ampingo n'kuimba nthungululu. Sindikunena kuti nkhawa yatha. Dzuwa la Okutobala silinafike, ndipo foni ikangolira ndimayesa ndi aphunzitsi aakulu akuti yapsanso.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe si pampu ayi. Pamene madzi ankakhuthukira mu thanki, atate anaseka, kuseka kumene sindinakumve chiikireni maliro anu. Kenako anatembenukira kumanzere kwawo, kumene munkaima inu nthawi zonse, pakamwa atatsegula kale kuti anene kanthu. Anapeza palibe munthu. Anayang'ana pansi n'kuyamba kukonzakonza kolala, ndipo m'pamene ndinaona mmene jekete lawo la ku tchalitchi lija lawakulira. Mapewa ake akulendewera, Amayi.

Ndinawaperekeza kunyumba. Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ndinawapeza pawindo osatsegula. Ndiwo zimene Esnati anawatumizira zinali zitasasa mumphika, zosakhudzidwa. Nditawafunsa anati samva njala, n'kusintha nkhani, kundifunsa ngati kabokosi kaja kangagwirenso ntchito pa pampu ya kuchipatala. Ndinawaphikira, ndinakhala nawo patebulo, ndipo anamaliza mbale yonse akundisimbira za tsiku limene munagula makina anu osokera. Ndinakumbukira zimene munanena titachoka kukaona amalume atafedwa, kuti wamasiye sawonda ndi njala, amawonda ndi kudya yekha.

Dzulo ndauza mwini nyumba ku Kabwata kuti ndikusamuka kutha kwa mwezi. Kuchoka ku Chelstone kupita ku Woodlands ndi mabasi awiri, ndipo ba Mulenga akuti ndidzatopa, koma avomera kuti masiku ena ndizijambulira kunyumba. Atate sindinawauze. Ndikudziwa adzakana, adzati mwana wamkulu sabwerera m'nyumba ya makolo, ndipo mwina adzandikwiyira masiku angapo. Ndidzangofika ndi katundu wanga pageti, aone okha chochita nane.

Pumulani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikukulonjezani kuti atate sadzadyanso okha.

Ndine mwana wanu,
Tiyese