Matayala a Ngolo Ndinamanga Ndine

Msongwe, Mzuzu

Okondedwa achemwali anga a Dinah,

Landirani moni, inu ndi onse pakhomo ku Muloza kumeneko. Kodi muli bwanji? Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ife kuno matupi ali bwino, kupatula chimfine cha mwana wathu Temwa, poti kuzizira kwa Mzuzu chaka chino kwanyanya. Koma mtima wanga suli bwino ayi, ndipo kalata ino ndakhala ndikuiyamba n'kuing'amba.

Mukukumbuka ndinakuuzani kuti tikukhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya a Mhone, aja a ku Nkhata Bay amagwira ntchito ku Lilongwe. Lendi sitilipira. Changa chinali chimodzi basi, kuyang'anira ngolo yawo yachitsulo yokokera boti. Botilo limakhala kunyanja, koma ngoloyo amaisunga kuno kuopa dzimbiri. Potipatsa makiyi ananena mosapsatira kuti tsiku limene ngoloyo idzasowe, ifenso tidzasowe pamalopo. Kusalipira lendiko ndiye kwakhala kukumuphunzitsa Temwa ku sekondale ya Katoto, chifukwa nsapato za kaunjika zimene ndimagulitsa mumsika sizikuyenda n'komwe.

Ngolo imeneyi, achemwali, ndinaisamala kuposa mkazi, mlamu wanu Lettie angakuuzeni yekha. Ndinamasula matayala onse, ngolo n'kuikhazika pa njerwa. Ndinaimangirira ku mtengo wa mapeyala ndi tcheni chonenepa ngati mkono wa mwana, maloko awiri. Pokolera ku galimoto paja ndinaitana wowotcherera kuti aikepo kabokosi kokiya. Matayalawo ankagona pansi pa bedi lathu, Lettie n'kumadandaula kuti iye anakwatiwa ndi munthu koma akugona ndi fungo la labala. Anyamata ogula zitsulo zakale akamadutsa ndi wilibala, ndinkaima pageti mpaka akhote.

Ndiye Lamulungu lapitali, masana ndithu, titangobwera kuchokera kutchalitchi, panaima pikapu pageti. Munatsika amuna awiri ndi mayi wina, chitenje kumutu, mawu atasasa ndi kulira. Anatchula dzina la a Mhone, ndi mudzi wa a Mhonewo womwe. Anati mwana wa mayiyo wamira ku Chintheche ndipo thupi silikupezeka. Boti la injini loti likasake lili ku Nkhata Bay, koma mwera wakula, silingadutse pamadzi, likufunika kukokedwa pamsewu. Ndinayesa foni ya a Mhone, inali yothima. Lettie anandikoka malaya, akuti tidikire kaye.

Sindinadikire, ndipo chifukwa chake inu mukuchidziwa. Ine pamenepo m'maganizo ndinaona mtsinje wa Ruo utadzaza, inu ndi ine tikuyenda khomo ndi khomo kupempha bwato kuti tikasake mng'ono wathu Chikumbutso, aliyense akutiuza kuti mwini wake kulibe, bwerani mawa. Mpaka lero amayi alibe manda oti akasesepo. Ndinati mumtima mwanga mawu amene aja mayi uyu asawamve kuchokera pakamwa panga.

Matayala ndinatulutsa ndine. Ndinabwereka pampu kwa aneba n'kupopa ndekha, ndinagwada m'matope ndi zovala za kutchalitchi kumanga manati. Ndinawapatsa ndi tayala la sipeya lomwe, n'kuwachenjeza kuti atsike pang'onopang'ono zitunda za ku Nkhata Bay poti ngolo yopanda katundu imadumphadumpha. Mayi uja anandigwira manja onse awiri akuthokoza kuti yewo chomene, Mulungu andikumbukire. Geti ndinawatsegulira ndinenso.

Madzulo a Mhone anayankha foni. Anati anthu amenewo sakuwadziwa. Kutacha ndinakwera basi mpaka ku Chintheche, asodzi anandiyang'ana ngati wamisala, akuti mwezi wonse uno palibe wamira. Kupolisi ndinakanena, analemba, akuti akufufuza. Ndayenda m'malo onse owotcherera zitsulo mumzinda muno mpaka mapazi atupa. Mkulu wina kumeneko anandimvera chisoni n'kundiuza zoona, kuti ngolo yotere sigona tsiku ili yathunthu, pano mwina ndi mafelemu a zitseko, ekiselo yake ikukokedwa ndi ng'ombe kwinakwake.

A Mhone sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti mwezi ukamatha makiyi ndisiye kwa aneba. Anzanga mumsika akundiseka kuti chifundo chinapha nkhwali. Lettie sananditchulire n'kamodzi komwe za malaya aja, akungolongedza mbale m'makatoni mwakachetechete, ndipo zimenezi zikundiwawa kuposa kusekedwa. Ndatopa, achemwali. Sindikuona poyambira.

Pempho langa ndi ili. Ife awiri tipeza kachipinda kamodzi ka lendi kwinakwake, koma lendi ndi sukulu pamodzi sindingakwanitse. Chonde mulandireni Temwa adzakhale nanu, mumufunsireko malo pa sukulu yoyendera kumeneko. Ndikudziwa kuti inunso muli ndi anu odyetsa, koma kwina koti ndipite kulibe. Ndi mwana wolimbikira, aphunzitsi ake amati adzafika patali. Ndinamuuza dzulo. Sanalire ayi, anangondifunsa ngati yunifolomu ya ku Katoto angaitenge, angakhale sakaivala. Ine ndinangotuluka panja.

Panjapo tcheni chija chikadali pa mtengo wa mapeyala, maloko onse awiri ndi abwinobwino, makiyi ali m'thumba mwanga. Palibe chimene anathyola.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Lettie akupereka moni. Amayi muwauze kuti mdzukulu wawo akubwera chifukwa a Mhone akufuna nyumba yawo, basi. Za mwana womira uja musawauze. Akamva adzanena kuti ndinachita bwino, kenako adzayambanso kupita kukakhala m'mbali mwa Ruo.

Tsalani bwino, mundipempherere.

Ine mlongo wanu,
Paison